Kusankha kamota koumitsira ndodo yowedzera nsomba

Ngati mwayamba kudzipangira ndodo zowedzera nsomba, mukudziwa kuti timphete todutsamo chingwe timamangidwa ndi ulusi, kenako pa ulusipo pamapakidwa epoxy. Epoxy amatenga maola angapo kuti agwire. Ndodo ikangokhala phee, epoxyyo amayenderera n'kuunjikana kunsi, ulusi wa pamwamba n'kutsala poyera. N'chifukwa chake pamafunika kamota koizungulitsa pang'onopang'ono, kosaima.

Choyamba, yang'anani liwiro. Pa kamotako pamalembedwa nambala ndi zilembo za rpm, kutanthauza maulendo amene kamazungulira pa mphindi imodzi. Poumitsa, sankhani ka pakati pa 5 ndi 18. Musatengeke ndi ka fani kapena ka makina osokera: timeneti timathamanga kwambiri, timamwaza epoxy.

Chachiwiri, ganizirani za thumba lanu. Makina oumitsira opangiratu amachokera kunja, ndipo amadya madola makumi angapo musanawerengere zotumizira. Chotsika mtengo ndi kamota kozungulitsa mbale mu microwave yakufa, komwe kamazungulira ka 5 kapena ka 6 pa mphindi. Kafunseni kwa okonza zipangizo zamagetsi, ndipo akakuchotsereni okha. Musatsegule microwave nokha, chifukwa m'kati mwake muli chipangizo chosunga magetsi oti n'kupha munthu ngakhale mutaizula pasoketi. Werenganinso mavolti olembedwa pa kamotako: tina ndi ta 220 mpaka 240, tina ta 21 kapena 30. Ka mavolti ochepa mukakalumikiza pakhoma, kapsa pomwepo.

Chachitatu, kumbukirani kuthima kwa magetsi. Ngati kwanuko amathimathima, kapena mumadalira sola, pezani kamota ka magiya ka mavolti 12 koyendera batire. Magetsi akakuthimirani ntchito ili m'kati, musachoke: tembenuzani ndodoyo ndi dzanja, kumwamba kupite kunsi, pakangopita mphindi ziwiri kapena zitatu. Epoxy akayamba kulimba, muzitalikitsa nthawiyo.

Mukapeza kamotako, kakhomereni pathabwa. Pa kachitsulo kake kozungulira lumikizani chotsekera paipi ya pulasitiki, mulowetsemo chogwirira cha ndodo, n'kuchimanga ndi mphira wa chubu ya njinga kuti chisapulumuke. Chakutsogolo ikani kathabwa kosemedwa ngati phanda, muyalepo kansalu kofewa kuti ndodo isakalike. Ndodoyo igone mofanana mbali zonse. Ikapendekeka, epoxy amathawira mbali yotsika.

Musanasakanize epoxy, yatsani kamotako kayende ndi ndodo kwa ola lathunthu. Mvetserani ngati kakudodoma, ndipo onani ngati mphira ukugwira. Kutenthera pang'ono si vuto, koma mukamva fungo la kupsa, kasiyeni.

Mukapaka, ndodo izungulire maola 6 mpaka 8, ndipo musaigwiritse ntchito maola 24 asanakwane. M'miyezi yozizira ya June ndi July onjezerani nthawi. Pofuna kudziwa ngati yauma, musakhudze pandodo. Khudzani epoxy wotsala m'kachibekete komwe munasakanizira. Tsekani mawindo, musasese m'chipindamo, ndipo usiku zimitsani nyali kuti tizilombo tisadzakakamire pa epoxy.

Kamota kamodzi kosankhidwa bwino kadzakuumitsirani ndodo zambiri. Musathamangire kamphamvu kapena kokongola. Gulani koyenda pang'onopang'ono, koti mukhoza kukasiya usiku wonse mtima uli m'malo.