Kukumba polowera galimoto pakhomo: madzi a mvula adzapita kuti?

Nyumba zambiri za ku Chimwemwe ndi Wusakile mu Kitwe, ngakhalenso ku Chifubu ndi Lubuto mu Ndola, zinamangidwa pamene wanchito wamba sanali kulota zokhala ndi galimoto. Lero banja likagula galimoto, bambo amatenga piki ndi fosholo, nazula mpanda wa maluwa, nakumba bwalo kuti geti ikule. Ndalama zolipira aganyu zimapulumuka ndithu. Koma ambiri amangopima kukula kwa galimoto, osaganizira kumene madzi adzapita mvula ikayamba mu Novembala.

Udzudzu wofalitsa malungo, wochedwa Anopheles, sufuna dziwe lalikulu. Umaikira mazira m'kathaphwi ka madzi odekha koombedwa ndi dzuwa, monga pamene pazulidwa citsa kapena pamene matayala amira m'matope. Kukatentha, dzira limasanduka udzudzu wouluka m'masiku pafupifupi 10. Motero dzenje losiyidwa milungu iwiri pafupi ndi zenera la cipinda cogona ana lakwanira kubweretsa malungo m'nyumba.

Phunziro ili si lacilendo kuno kumigodi. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, pamene mgodi wa Roan Antelope unali kutsegulidwa ku Luanshya, anchito anali kufa kwambiri, ena n'kumathawa ponena kuti mumtsinje wa Luanshya muli cinjoka. Eni mgodi anaitana katswiri wa malungo, Sir Malcolm Watson wa ku Ross Institute ku London. Mankhwala a DDT kunalibe nthawi imeneyo. Cimene cinacitika ndi kukumba ngalande m'madambo, kuwongola mtsinje kuti madzi aziyenda, kulambula m'mbali mwake ndi kuika masefa m'mazenera. Imfa zinacepa, ndipo njira yomweyo inatsatidwa ku Nkana, Mufulira ndi Nchanga. Piki ndi fosholo zomwezo zimene zinathamangitsa udzudzu ku Luanshya zingathe kuuitanira pakhomo ngati wokumba sasamala.

Nchito yotere ndi ya m'cilimwe, kuyambira Meyi kufikira Seputembala, kuti ithe mvula isanagwe. Njirayo itsetsereke kucokera kunyumba kupita kumsewu. Kutsika kwa masentimita 2 pa mita iliyonse kukwanira. Dzenje la citsa likwiriridwe tsiku lomwelo ndi kutsenderedwa bwino, cifukwa dothi longothira limatsika likanyowa, thaphwi n'kubwerera. Pamwamba pathiridwe miyala yophwanya kapena dothi lofiira lamiyala.

Colakwa cofala kwambiri cili pageti. Pofuna kuti galimoto iwoloke, anthu amakwirira ngalande ya kanselo ndi dothi. Madzi a mzere wonse wa nyumba amaima pamenepo, ndipo udzudzu wake susankha khomo. Pamafunika paipi yaikulu kapena cimwala ca simenti pamwamba, madzi azidutsa pansi. Enanso amakumba dzenje kuseri kwa nyumba kuti apeze dothi lothira. Limeneli likadzala madzi, mwana wokwawa angathe kumiramo ngakhale litakhala losazama.

Pansi pa bwalo pamadutsa mapaipi. Asanayambe kukumba, mwini nyumba ayenera kufunsa kampani ya madzi, Nkana mu Kitwe kapena Kafubu mu Ndola, kumene paipi ya madzi akumwa ndi ya zonyansa zadutsa, ndiponso a ZESCO ngati magetsi analowa m'nyumba kudzera pansi. Paipi yoboola ndi piki isamangidwe ndi mphira n'kukwiriridwa mwakacetecete. Madzi akasiya kutuluka pampopi, zonyansa za m'dothi zimalowera pamalo obookawo, ndipo umu ndi mmene matenda otsegula m'mimba ndi kolera amafikira m'ndowa ya madzi akumwa.

Wokumba avale nsapato zolimba, osati mapatapata. Tizilombo ta kafumbata timakhala m'dothi, ndipo timalowa pabala la khasu, waya kapena msomali. Bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi oyera nthawi yomweyo, kenaka munthuyo apite kukiliniki kuti akaone ngati afunika katemera.

Mvula yoyamba ikagwa, mwini nyumba ayendere bwalo lake m'mawa mwake. Paliponse pamene madzi agona pathiridwe dothi ndi kutsenderanso. Mwana akatentha thupi, apimidwe magazi kukiliniki tsiku lomwelo.