Phunziro: Kutemera Agalu ndi Nchito ya Mudzi Wonse

Pakati pa ziweto zonse za pamudzi, galu ndiye agwira nchito yaikulu nalandira malipiro ochepa. Usiku alonda khola ndi nkhokwe, usana apirikitsa anyani kumunda, ndipo m'chilimwe atsagana ndi anyamata kuuzimba. Chakudya chake ndi makombo a nsima kapena madeya, pamene alipo. Akadwala, ndi anthu owerengeka amene aganiza zomfunira mankhwala. Koma alipo matenda amodzi a galu amene salekera pa galu pokha. Alowa m'nyumba natenga mwana. Matendawo ndiwo chiwewe. Phunziro lino lifotokoza nchito ya anthu amene adzipereka kuthandiza magulu osamala ziweto m'midzi, makamaka pa nkhondo yolimbana ndi matenda amenewa.

Kodi chiwewe chiyenda bwanji?

Kachirombo ka chiwewe kakhala m'malobvu a nyama yodwala. Galu akaluma munthu, kachiromboko kalowa pabala, ndipo sikayenda ndi magazi ai, koma kakwawa pang'onopang'ono m'mitsempha kufikira ku ubongo. Ulendo umenewu utenga kawirikawiri miyezi iwiri kapena itatu, ngakhale nthawi zina ndi sabata imodzi yokha, nthawi zinanso chaka chathunthu. Bala likakhala pafupi ndi mutu, ulendowo ufupika. Ndicho chifukwa chake ana ali pangozi koposa akulu: msinkhu wao ndi waufupi, galu awaluma kumaso kapena m'khosi, ndiponso mwana abisa bala poopa kukalipiridwa. Zizindikiro zikangooneka, monga kuopa madzi, kubwebweta ndi kutuluka dobvu, palibenso mankhwala, ndipo pafupifupi onse ofika pamenepa amwalira.

Bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse, liwerengera kuti anthu pafupifupi 59,000 amwalira ndi chiwewe chaka ndi chaka, ambiri a iwo ku Africa ndi ku Asia. Mwa anthu 10 alionse, 4 ndi ana osafika zaka 15, ndipo pafupifupi onse atenga matendawo kwa galu. Mu 2007 madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anafalitsa zimene anapeza pa ana 133 amene anamwalira ndi matenda a mu ubongo. Mwa iwo 14 anali ndi chiwewe, ndipo atatu anali atayesedwa kuti adwala malungo. Kotero mudzi ungathe kuika maliro a mwana, anthu nkumati ndi malungo, osadziwa kuti imfayo inayamba ndi kabala kakang'ono ka miyezi iwiri yapitayo.

Chifukwa ninji banja limodzi silingathe palokha?

Wina angafunse kuti, munthu akatemeretsa galu wake, kodi sanatsirize udindo wake? Watsiriza theka lokha. Galu wa kumudzi sakhala kumpanda. Ayenda m'makomo a anthu, ndipo mwana wa munthu uja asewera pa bwalo limodzi ndi agalu a anansi. Mwanayo atetezedwa pokhapo agalu ochuluka a m'mudzimo atalandira katemera.

Ofufuza amene anatsata agalu a chiwewe m'midzi ya ku Serengeti ndi ku Ngorongoro, m'dziko la Tanzania, motsogozedwa ndi Katie Hampson, analengeza mu 2009 kuti, powerengera onse pamodzi, galu mmodzi wa chiwewe apatsira matendawo galu mmodzi kapena awiri basi asanafe. Chiwerengero chimenechi ndi chaching'ono. Chikuku chifala msanga koposa pamenepa. Tsono chiwewe chiri ngati moto wa m'thengo umene uyenda ndi udzu woyandikana: ukafika polambulidwa, uzima wokha. Galu aliyense wotemeredwa ndiye polambulidwa paja.

Akatswiri agwirizana kuti agalu 7 mwa 10 alionse ayenera kutemeredwa, ndipo chaka ndi chaka. Chifukwa chobwerezera ndi chakuti agalu a kumudzi sakhalitsa. Mudzi wa agalu 100 ukatemeretsa 70 lero, pofika chaka chamawa ena mwa 70 aja afa, ena apita kwina, ndipo m'malo mwao mwabadwa tiana tosatemeredwa. Chiwerengerocho chiikidwa dala pamwamba kuti, ngakhale chitsike m'kati mwa chaka, chisafike poti moto nkuyambanso kuyenda. Njira imeneyi yayesedwa ndipo yatheka: mu 2019 bungwe la WHO linabvomereza kuti dziko la Mexico lathetsa imfa za anthu zochokera ku chiwewe cha agalu.

Zimene zinachitika ku Blantyre, Chiradzulu ndi Zomba

Mu 2015 gulu la Mission Rabies, limene Luke Gamble, dokotala wa ziweto wa ku Britain, analiyambitsa mu 2013, linagwirizana ndi nthambi ya Boma yoona za umoyo wa ziweto pamodzi ndi gulu la Blantyre SPCA. Pa masiku 20 okha a nchito anatemera agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre. Anayamba ndi kuitanira anthu pa malo amodzi, makamaka pa masukulu, pambuyo pake nayenda khomo ndi khomo kufuna agalu otsala. Galu aliyense wotemeredwa anampaka utoto pamphumi, ndipo anthu ena anadutsanso m'makwalala kuwerenga agalu a utoto ndi opanda utoto. Kunapezeka kuti pafupifupi 8 mwa 10 anali atalandira katemera. Mu 2016 ndi 2017 nchitoyo inafalikira m'midzi ya maboma a Blantyre, Chiradzulu ndi Zomba.

Pofufuza chimene chinaletsa ena kubwera, anapeza kuti mtunda ndiwo bvuto lalikulu, pakuti anthu ambiri sayenda ndi galu kupitirira kilomita imodzi ndi theka. Ena analephera kugwira galu wao, ndipo ena anasiya tiana ta galu kunyumba poganiza kuti sitinakhwime. Ngati ziri chotero mu mzinda, nanga kumudzi, kumene nyumba ziri patalipatali ndipo mtsinje ukadzaza galimoto silioloka?

Nchito ya odzipereka

Kubaya jakisoni ndi nchito ya mlangizi wa ziweto, ndipo itenga kamphindi. Nchito yotsalayo, imene iri yaikulu, ndiyo kufikitsa galu pamaso pa mlangiziyo. Achinyamata ndi madokotala ochokera kunja amene anadza kudzathandiza ku Blantyre anachita bwino ndithu, koma mlendo sadziwa kuti agalu atatu a kutsidya kwa dambo ndi a yani, kapena kuti galu wakuda wa pa chitsime aluma. Zimenezi azidziwa ndi mwana wa m'mudzimo.

Wodzipereka wanzeru ayamba ndi kusankha tsiku. Likagundana ndi tsiku la msika, kapena sabata yodzala mvula yoyamba itagwa, otemera adzakhala okha pansi pa mtengo kufikira dzuwa litapendeka. Tsiku likadziwika, apita kwa nyakwawa, pakuti mau a mfumu pa bwalo amveka koposa chikalata chokhomedwa pa mtengo. Apitanso kwa aphunzitsi, chifukwa kawirikawiri obwera ndi agalu ndi anyamata a sukulu, amene agaluwo awazolowera koposa eni ake enieni. Kenaka ayenda m'makomo ndi kope, kulemba nyumba ziri ndi agalu ndi chiwerengero chao, osaiwala nkhalamba ndi odwala amene sangathe kukoka galu mtunda wonsewo. Agalu a anthu otere awatenga ndi iye, kapena atsogolera otemera kufika pakhomopo.

Poyenda chotero akumana ndi mantha a anthu, ndipo ayenera kuwayankha moleza mtima. Wauzimba aopa kuti galu wake adzafooka nasiya kugwira kalulu. Woweta mbuzi aopa kuti adzaleka kuuwa usiku. Katemera sachita chirichonse cha zimenezi. Galu wa bere ndi woyamwitsa atemeredwa popanda choopsa, ndipo pa nthawi ya katemera wa mudzi wonse tiana ta galu titemeredwanso, ngakhale tosafika miyezi itatu, pakuti ndi tomwe ana a anthu atinyamula ndi kusewera nato.

Apa ndi pamene chifundo kwa nyama chionetsa phindu lake poyera. Galu woleredwa ndi miyala ndi zikoti salola dzanja la munthu. Akaona chingwe athawira kuthengo, ndipo tsiku la katemera limpita. Koma galu wodyetsedwa, woitanidwa ndi dzina lake, atsata mwini wake mpaka pa mzere. Chotero gulu losamala ziweto likamaphunzitsa ana kusaponya agalu miyala, kuwapatsa madzi, ndi kuwamanga ndi chingwe chofewa m'malo mwa waya wocheka khosi, lisayesedwe ngati losowa chochita. Likukonzeratu agalu ogwirika a chaka chamawa.

Kugwirira pamodzi si chinthu chachilendo. Makolo ankaitana dima, anansi nalima munda wa mnzao tsiku limodzi, iye nawaphikira. Mau akuti thangata poyamba ankatanthauza kuthandizana kotere, kufikira eni minda yaikulu ya ku Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje, m'masiku a atsamunda, anawasandutsa nchito yokakamiza. Gulu lirilonse lodalira odzipereka lichenjere pamenepa. Munthu woyenda tsiku lonse padzuwa ayenera kulandira chakudya, ndipo wogwira agalu osawadziwa ayenera kuyamba walandira yekha katemera womteteza. Kumtuma kwa galu wolusa ali manja okhaokha, kenaka nkumuyamika ndi mau, ndi kumdyera masuku pamutu.

Nanga kupha agalu?

Galu wa chiwewe akaluma mwana, mtima wa mudzi uthamangira ku mikondo ndi zibonga, kuti agalu onse aphedwe. Mkwiyo wake ndi womveka, koma njirayo siithetsa matenda. Agalu oyamba kuphedwa ndi ofatsa aja osathawa anthu, amene ambiri ndi otemeredwa kale. Eni agalu ena awabisa kapena kuwatumiza kwa abale kumudzi wina, matenda napita nao. Ndipo pakutha pa miyezi yowerengeka anthu, poopa akuba, atenga tiana tatsopano tosatemeredwa. Galu woonetsa zizindikiro za chiwewe ndiye ayenera kuchotsedwa, mlangizi wa ziweto atadziwitsidwa.

Odzipereka adziwenso kuti si galu aliyense wa chiwewe amene alusa. Wina angokhala duu, kukamwa kuli yasa, dobvu liri chuchuchu, ngati watsamwa ndi fupa. Munthu wachifundo apisa dzanja m'kamwamo kuti achotse fupalo, natenga matenda. Ng'ombe ya chiwewe nayonso ioneka ngati yatsamwa. Nyama yotere isagwiridwe kukamwa.

Munthu akalumidwa

Bala litsukidwe nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, lisamangidwe ndi nsanza kapena kuthiridwa zitsamba, ndipo wolumidwayo apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale laling'ono. Katemera wa anthu, amene Louis Pasteur anamuyesa koyamba mu 1885 pa mnyamata wa zaka 9 dzina lake Joseph Meister, apulumutsa ngati ayambidwa zizindikiro zisanaoneke. Jakisoni wake ndi wa masiku angapo, ndipo ambiri alekera panjira bala likapola, kapena ndalama ya ulendo ikatha. Wodzipereka alembe masikuwo m'kope lake, akumbutse banjalo, ndipo ngati kuli kofunika apemphe mudzi usonkhe ya njinga. Galu amene analumayo, ngati agwirika popanda ngozi, atsekeredwe kwa masiku 10, apatsidwe chakudya ndi madzi, ndipo chirichonse chachilendo chimene achite m'masikuwo chikanenedwe kwa mlangizi wa ziweto ndi kuchipatala komwe.