PHUNZIRO KWA ACIKUMBI: KASAMALIDWE KA GALIMOTO YA DIZILO YOYENDA MAULENDO AAFUPI

Acikumbi anzathu, alipo ena mwa inu amene, atagulitsa fodya ndi cimanga zaka zingapo, anasunga ndarama nagula kagalimoto ka dizilo. Ici ndi cinthu cokondweretsa, pakuti ndico cipatso ca thukuta lanu. Koma akuru anati, walira mvula walira matope. Galimoto iri ngati ng'ombe ya pa goli. Ikasamalidwa idzakutumikirani zaka zambiri. Ikanyalanyazidwa idzagona pansi tsiku lomwelo limene muifuna koposa, mabelo ali pakhomo ndipo msika wa ku Kanengo, ku Limbe kapena ku Mzuzu uli wotsegula.

Ambiri aganiza kuti galimoto yoyenda pafupi-pafupi, monga kucokera kunyumba kunka kudimba, kucigayo kapena kusitolo, siitha msanga cifukwa siilema. Ife tinena kuti kwa injini ya dizilo maulendo otere ndiwo nchito yowawa koposa. M'phunziro lino tifotokoza cifukwa cace, ndi zimene mwini galimoto ayenera kucita kuti phindu la m'munda lisathere kwa amakaniko.

1. M'MENE INJINI YA DIZILO IGWIRIRA NCHITO

Injini imeneyi inatenga dzina kwa Rudolf Diesel, Mjeremani amene injini yace inayamba kuyenda bwino m'caka ca 1897. Isiyana ndi ya petulo potere: ya petulo iyatsa mafuta ndi kamoto ka pa pulagi, koma ya dizilo ipanikiza mpweya kolimba kufikira utatentha koposa madigiri 500, ndipo pamenepo dizilo afayiridwamo nayaka yekha. Cotero moyo wace wonse uli m'kutentha. Ikazizira, dizilo sapsa yense, ndipo wotsalayo asanduka mwaye monga uja wa ku denga la khicini.

Injini igwira bwino nchito madzi ace akafika pa madigiri 80 kufikira 90. Popeza ya dizilo idya mafuta pang'ono, icedwanso kufunda, makamaka m'mawa wa June ndi July ku malo ozizira monga Dedza ndi Mzimba. Munthu woyenda makilomita 3 kapena 5 nazimitsa, waizimitsa isanafunde konse.

2. ZOIPA ZINAI ZA ULENDO WAUFUPI

Coyamba ndi madzi. Lita imodzi ya dizilo ikapsa iturutsa madzi ofika pafupi-fupi lita imodzi, ngati nthunzi. Injini yotentha iwataya kunja ndi utsi, koma mu injini yozizira nthunzi ina isanduka madontho, monga mame pa tsamba la fodya, nitsikira mu oyilo. Madziwo akasanganikirana ndi mwaye, oyilo asanduka phala losathanso kuteteza zitsulo.

Caciwiri ndi dizilo wosapsa. Ameneyu atsetsereka kunsi nasungunula oyilo, kotero kuti zitsulo ziyamba kupekesana.

Cacitatu ndi batire. Poliza injini ya dizilo batire litaya mphamvu yambiri, ndipo ulendo wa mphindi 5 sukwanira kubweza yonse imene yacoka. Ziri ngati nkhokwe imene mutapamo mtanga wodzaza tsiku ndi tsiku, koma mubwezeramo theka lokha. Tsiku lina mudzaipeza iri gwa.

Cacinai ndi mwaye wodzaza m'njira za mpweya ndi za utsi, umene ucepetsa mphamvu ya galimoto ndi kuonjeza mafuta amene idya.

3. OYILO: WERENGANI MIYEZI, OSANGOTI MAKILOMITA

Lamulo labwino kwa galimoto yoyenda pafupi ndi m'fumbi ndi ili: sinthani oyilo ndi sefa yace pa makilomita 5,000 kapena pa miyezi 6, cimene cayamba kufika. Ngati buku la galimoto yanu linena nthawi yocepa koposa iyi, tsatani bukulo.

Taonani cifukwa cace. Mlimi amene ayenda makilomita 5 kupita ndi 5 kubwera, masiku 6 pa sabata, ayenda makilomita 60 pa sabata. Kuti afike pa 5,000 padzapita masabata 83, ndiko kunena caka ndi theka ndi kuposapo. Nthawi yonseyo oyilo ali kumwa madzi ndi mwaye. Cotero kwa iye miyezi ndiyo yowerenga. Nkwabwino kusintha kamodzi mvula isanayambe, ndi kamodzinso pamene msika wa fodya uli pafupi kutsegulidwa, kuti musaiwale.

Sabata iriyonse imikani galimoto pa malo osapendekeka, injini iri cizizirire, ndipo solani kandodo koyesera oyilo. Kuda kwa oyilo kusakuopseni, pakuti mu injini ya dizilo ada msanga. Zoopsa ndi ziwiri izi: oyilo akacepa kufika pansi pa mzere wa kunsi, ndiponso akacuruka yekha kupitirira mzere wa pamwamba inu osathiramo. Oyilo sabala ana. Akacuruka, ndiye kuti dizilo kapena madzi alowamo, ndipo ayenera kucotsedwa msanga. Nyali yofiira ya oyilo ikayaka muli pa ulendo, patukani ndi kuzimitsa pomwepo.

Oyilo wakale musamtaye pafupi ndi citsime kapena m'dimba, pakuti aononga madzi ndi nthaka.

4. ULENDO WAUTALI NDIWO MANKHWALA

Kamodzi pa sabata, kapena kosapitirira masabata awiri, turukirani pa mseu wa tara ndi kuyenda mphindi 20 kufikira 30 osaima, pa liwiro loposa makilomita 60 pa ola, kumene lamulo la pa mseu lilola. Pamenepo oyilo atentha nataya madzi, batire lidzaza, ndipo mwaye upsa. Kuti mafuta asapite pacabe, sonkhanitsani nchito zanu: tsiku lokagula feteleza likhalenso lokaona m'bale ndi lokagulitsa mbeu. Ulendo umodzi wa makilomita 30 uposa maulendo 6 a makilomita 5.

Musaganize kuti kuliza injini pabwalo kwa theka la ola kulingana ndi ulendo. Injini yosakoka kanthu siifunda kweni-kweni, ingoonjeza mwaye. M'mawa tembenuzani kiyi, dikirani kuti kanyali ka mahita kazime, lizani, dikirani pang'ono kuti oyilo afike ponse, ndipo nyamukani mofatsa. Musaikakamize ndi katundu wolemera pa citunda isanafunde. Ngati iri ndi turbo ndipo mwacokera ulendo wolemetsa, isiyeni ilire mphindi imodzi musanazimitse.

5. SEFA YA MWAYE M'MAGALIMOTO ATSOPANO

Magalimoto ambiri ogulidwa kunja ali ndi sefa m'paipi ya utsi, imene amakaniko aitcha DPF. Ku Ulaya lamulo la utsi lotchedwa Euro 5, limene linayamba m'caka ca 2009, ndilo linacititsa kuti magalimoto aang'ono a dizilo akhale nayo. Sefayi igwira mwaye, ndipo ikadzaza galimoto idziyeretsa yokha pofayira dizilo woonjezera, kuti utsi utenthe kufika madigiri pafupi-fupi 600 ndi kupsereza mwayewo. Nchito imeneyi ifuna nthawi. Mukazimitsa iri pakati, mwaye utsala, ndipo dizilo wina atsikira mu oyilo.

Cotero nyali ya sefayi ikayaka musazengereze. Yendani ulendo wautali uja tsiku lomwelo. Onaninso kuti thanki siiri pafupi kuuma, pakuti magalimoto ambiri sayamba kudziyeretsa mafuta akacepa. Nyali ikakana kuzima, pitani kwa makaniko wokhala ndi makina oyesera, sefa isanatsekeke konse. Galimoto yotere ifunanso oyilo wace-wace wa phulusa locepa. Funsani musanagule, safunsa anadya phula.

Cenjerani ndi moto. Pa nthawi yodziyeretsa paipi ya utsi itentha kwambiri. Musaimike galimoto pa udzu wouma, pa mapesi, kapena pafupi ndi cigafa.

6. DIZILO WOYERA

Tizitsulo tofayira dizilo, timene amakaniko ati manozo, tiri ndi timabowo tating'ono koposa diso la singano, ndipo mtengo wace ukhoza kumeza mabelo angapo. Adani ace ndi madzi, fumbi ndi parafini. Gulani dizilo pa malo odziwika. Wa m'zigubu za m'mbali mwa mseu simudziwa cimene cathiridwamo. Ngati musunga dizilo kunyumba, cigubu cikhale coyera ndi cotseka, ndipo musathire wa kunsi kweni-kweni, kumene madzi ndi zitsotso zikhala.

Pansi pa sefa ya dizilo, m'magalimoto ambiri, pali kampopi kokhetsera madzi. Katseguleni kamodzi pa mwezi, makamaka m'dzinja, kufikira dizilo woyera aturuka. Musalole thanki kuuma, cifukwa mpweya ukalowa m'mapaipi injini ikana kulira kufikira utapopedwa. Thanki yokhala nthawi zonse ndi mafuta ocepa isonkhanitsanso cinyezi m'kati mwace.

M'magalimoto atsopano dizilo ayenda m'mapaipi ndi mphamvu yoposa ka 500 mphamvu ya mpweya wa m'tayala. Musafufuze podontha ndi cala injini iri kulira, pakuti dizilo wotere aboola khungu, ndipo munthu akhoza kutaya dzanja.

7. MPWEYA, MADZI NDI BATIRE

Miseu yathu ya kumudzi iri ndi fumbi lambiri kuyambira August kufikira mvula itagwa. Onani sefa ya mpweya mwezi uliwonse. Igogodeni mofatsa, ndipo ikang'ambika kapena ikatsekeka gulani yina. Musayende popanda sefa ngakhale tsiku limodzi, pakuti fumbi lipera injini monga mphero ipera mawere.

M'rediyeta thirani madzi oyera osanganiza ndi mankhwala ace. Madzi a m'dambo ndi a pa mjigo asiya dzimbiri ndi miyala m'kati. Musatsegule cibvundikiro cace injini iri yotentha.

Pali cizolowezi coipa cimene tikucenjezani naco. Amakaniko ena acotsa thermostat, nati dziko lathu ndi lotentha ndipo kacitsuloko nkosafunika. Thermostat ndi kacitseko kamene kaletsa madzi kupita ku rediyeta kufikira injini itafunda. Kakacoka, injini icedwa koposa kufunda, ndipo zoipa zonse tazinena pamwambapa zikula. Kakafa, gulani kena. Musalole kuti kangotayidwa.

Mitu ya batire ikhale yomanga ndi yoyera. Batire lodzaza lisonyeza mavoti 12.6 injini iri yozima. Galimoto ikayamba kucedwa kulira m'mawa, yesetsani batire ndi mahita omwe, musanatope ndi kukankha.

8. UTSI UNENA ZOONA

Utsi wakuda utanthauza kuti dizilo wacuruka kapena mpweya wacepa. Yambani mwaona sefa ya mpweya. Utsi wobiriwira ngati mtambo utanthauza kuti injini iri kutentha oyilo. Utsi woyera wa m'mawa umene utha injini ikafunda suli woopsa, koma ukapitirira, ndipo madzi a m'rediyeta ali kucepa, pitani kwa makaniko musanayendenso kutali.

9. GALIMOTO, FODYA NDI CIMANGA

Fodya amwa pfungo lililonse. Musalize galimoto m'cigafa kapena m'nyumba yosungiramo mabelo, ndipo musanyamule cigubu ca dizilo pamodzi ndi fodya, ufa kapena cimanga. Belo lonunkha dizilo likhoza kubwezedwa pa msika, ndipo nsima yonunkha dizilo palibe adya. Utsi wa galimoto m'nyumba yotseka uphanso munthu.

Musaimike galimoto masiku ambiri pafupi ndi nkhokwe. Makoswe akonda kufunda kwa injini, amanga zisa m'bokosi la sefa nadula mawaya. Tsegulani boneti kawiri-kawiri. Feteleza akatayika m'galimoto sesani ndi kutsuka msanga, cifukwa adya citsulo. Ndipo musaisenzetse koposa muyeso wace. Kagalimoto sikasanduka lole cifukwa mwakolola zambiri.

10. KABUKU KA GALIMOTO

Mlimi wanzeru alemba tsiku lofesa nazale ndi tsiku lothira feteleza. Citani comweco ndi galimoto. Lembani tsiku, makilomita, malita amene mwathira, ndi ciriconse cimene casinthidwa. Mukaona kuti mafuta ayamba kutha msanga pa maulendo omwe aja, mwadziwa kuti pali nthenda isanakule. Ngati injini yanu iri ndi lamba wa timing, lembani pamene anaikidwa ndi pamene buku linena kuti asinthidwe, pakuti akaduka muli pa ulendo injini ikhoza kuonongeka yonse. Pogulitsa fodya patulani ndarama ya oyilo, masefa ndi matayala ya caka conse, monga mupatula ya mbeu ndi feteleza.

Ndipo kwa inu amene simunagule, koma muli kulingalira, tinena mosabisa: ngati maulendo anu onse ndi aafupi ndipo katundu wanu ndi wopepuka, galimoto ya petulo idzakubvutani pang'ono koposa ya dizilo yokhala ndi sefa ya mwaye. Dizilo ayenera munthu wa maulendo atali ndi katundu wolemera.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA KALABU

1. Cifukwa ninji oyilo akhoza kucuruka yekha, ndipo mwini galimoto acitenji?
2. Mlimi woyenda makilomita 60 pa sabata asinthe oyilo liti?
3. Kodi kuliza injini pabwalo kusiyana bwanji ndi ulendo wautali?
4. Makaniko akafuna kucotsa thermostat, mudzamuyankha ciani?

Kambiranani mafunso amenewa ndi anzanu, ndipo amene adziwa kuwerenga awerengere amene sadziwa. Sabata ino yomwe, musanapite kumunda, tsegulani boneti ndi kusola kandodo ka oyilo.