NGODYA NDI MUYESO WACE

Mmisiri womanga nyumba asanaike njerwa yoyamba, amayamba wakhoma zikhomo pansi ndi kukoka zingwe. Amacedwa ndithu pa nchito imeneyi, kotero kuti munthu wosadziwa angaganize kuti mmisiriyo angotaya nthawi. Koma iai, iye ali kufuna cinthu cimodzi cacikulu, ndico ngodya zolungama. Ngodya imodzi ikakhota pa maziko, cipupa conse cikhota. Tsiku lofolera likafika, malata sagona bwino pamitengo, madzi a mvula alowa m'nyumba, ndipo ndalama zimene mwini nyumba anazisunga zaka zambiri zaonongeka. Cifukwa cace ndi bwino kuti mwana wa sukulu adziwe ngodya ndi kayesedwe kace.

Ngodya n'ciani?

Mizere iwiri yoongoka ikakomana pa malo amodzi, pamenepo pali ngodya. Mizereyo ichedwa miyendo ya ngodya, ndipo pamene ikomanira pachedwa nsonga. Ngodya ioneka pa cigongono ca munthu akapinda mkono, pa mphanda ya mtengo, ndi pa citseko cotsegula. Citseko cikatsegulidwa pang'ono, ngodya ya pakati pa ico ndi cipupa ikhala yaing'ono. Cikatsegulidwa kwambiri, ngodyayo ikula. Komatu citsekoco sicinatalike, cangotembenuka cabe.

Apa ndi pamene ana ambiri amalakwa. Iwo ayesa kuti ngodya ya miyendo yaitali ndiyo yaikulu. Si tero ai. Kukula kwa ngodya ndiko kukula kwa kutembenuka kucokera pa mwendo umodzi kufikira pa unzace. Ngodya ya buku ili yofanana ndi ngodya ya bwalo la mpira, ngakhale buku lilowa m'thumba ndipo bwalo likwana anthu mazana ambiri.

Muyeso wa ngodya

Nsalu iyesedwa ndi mamita, cimanga ciyesedwa ndi makilogalamu, koma ngodya iyesedwa ndi madigiri. Cizindikilo ca madigiri ndi kanthu kakang'ono kozungulira kolembedwa pamwamba pa nambala, motere: 90°.

Mwana akaima atapenya kum'mawa, natembenuka kufikira atapenyanso kum'mawa komweko, watembenuka madigiri 360. Akalekera pakati, atapenya kumadzulo, watembenuka madigiri 180. Akatembenukira kudzanja lamanja nalekera atapenya kumwera, watembenuka gawo limodzi mwa magawo anai, ndiwo madigiri 90.

Nambala ya 360 inacokera kwa anthu akale a ku Babylon, m'dziko limene lero lichedwa Iraq. Iwowo anali kuwerenga zinthu m'magulu a 60, ndipo mwambo womwewo ndiwo unapatsa ola limodzi mphindi 60. Nambalayi ndi yabwino cifukwa igawika popanda cotsala ndi 2, 3, 4, 5, 6, 8, 9, 10 ndi 12.

Wochi ndi mphunzitsi wabwino wa ngodya. Pankhope pace pali manambala 12, ndipo 360 kugawa ndi 12 ikhala 30. Cotero kucokera pa nambala imodzi kufikira pa yotsatira pali madigiri 30. Pa 1 koloko mivi iwiri ya wochi ipanga madigiri 30, pa 3 koloko madigiri 90, pa 5 koloko madigiri 150, ndipo pa 6 koloko mivi ikhala mzere umodzi woongoka, ndiwo madigiri 180.

Mitundu ya ngodya

Ngodya ya madigiri 90 ndiyo ngodya yolungama, imene amisiri aicha sikweya. Ngodya yocepera madigiri 90 ndi yosongoka, monga nsonga ya mkondo. Ngodya yoposa madigiri 90 koma yosafika 180 ndi yoyasama, monga buku limene latsegulidwa kwambiri. Ya madigiri 180 ndi mzere woongoka.

Mwana ali yense akhoza kudzipangira sikweya popanda kugula kanthu. Atenge pepala, ngakhale long'ambika m'mbali, alipinde kamodzi. Tsono alipindenso, mpindo woyamba uja ugone ndendende pa iwo wokha. Pamene mipindo iwiri yakomana paturuka ngodya ya madigiri 90. Ndi pepala limenelo akhoza kuyesa ngodya za tebulo, za zenera ndi za bolodi, nadziwa ngati mmisiri anagwira nchito yace mosamala.

Pofuna kudziwa madigiri eni-eni a ngodya iri yonse, pali cipangizo cochedwa protractor. Cioneka monga mwezi wa theka, ndipo m'mphepete mwace mwalembedwa manambala kuyambira 0 kufikira 180. Pakati pace paikidwa pa nsonga ya ngodya, mzere wa 0 ugona pa mwendo umodzi, ndipo nambala imene mwendo wina waloza ndiyo muyeso wa ngodyayo. Manambala alembedwa m'mizere iwiri yoyenda mosiyana, cotero woyesa ayenera kuwerenga mzere umene wayambira pa 0. Akapeza 130 pa ngodya yosongoka, adziwe kuti wawerenga mzere wolakwa. Yankho loona ndi 50.

Ngodya zitatu

Mizere itatu yoongoka ikatsekana, ipanga cithunzi ca ngodya zitatu cochedwa triangle. Pali lamulo lodabwitsa pa cithunzi cimeneci: ngodya zace zitatu zikaphatikizidwa zikwana madigiri 180 nthawi zonse, cingakhale cacikulu kapena cacing'ono. Wokaika adule triangle ya pepala, ang'ambe ngodya zitatuzo, aziike pamodzi nsonga zikhudzane. Adzaona kuti zapanga mzere woongoka. Lamuloli linalembedwa m'buku la Euclid, amene anaphunzitsa masamu mu mzinda wa Alexandria ku Egypt ca m'ma 300 B.C. Cotero ngati ngodya ziwiri zidziwika, monga 60 ndi 70, yacitatu ipezeka popanda kuyesa: 180 kucotsa 130, patsala 50.

Cingwe ca mmisiri

Sikweya ya m'manja ndi yaing'ono, ndipo pa maziko a nyumba yaikulu ikhoza kunyenga. Cifukwa cace mmisiri wanzeru agwiritsa nchito triangle yaikulu. Kucokera pa cikhomo ca pa ngodya ayesa mamita 3 potsata cingwe cimodzi, naika cizindikilo. Ayesanso mamita 4 potsata cingwe cinzace. Tsono ayesa mtunda wa pakati pa zizindikilo ziwirizo. Akapeza mamita 5, ngodya ndi yolungama. Akapeza ocepera 5, ngodya yafinyana. Akapeza oposa 5, yayasama, ndipo asuntha cingwe kufikira muyeso utakwana.

Cinsinsi cace ciri m'manambala: 3 kucurukitsa ndi 3 ndi 9, 4 kucurukitsa ndi 4 ndi 16, ndipo 9 kuphatikiza 16 ndi 25, ndiye 5 kucurukitsa ndi 5. Lamulo limeneli lichedwa ndi dzina la Pythagoras, munthu wa ku Greece wa zaka za m'ma 500 B.C., ngakhale anthu a ku Babylon analidziwa iye asanabadwe.

Denga nalonso lifuna ngodya. Ofolera ndi udzu adziwa kuti denga liyenera kutsetsereka madigiri 45 kapena kuposapo. Likagona kwambiri, madzi acedwa kutsika, udzu uola msanga, ndipo nyumba idontha.

Ndodo imene inayesa dziko

Ca m'ma 240 B.C. munthu wina wophunzira, dzina lace Eratosthenes, anali woyang'anira nyumba yaikulu ya mabuku ku Alexandria. Iye anamva kuti ku Syene, kumene lero kuchedwa Aswan, tsiku lina la m'caka dzuwa liri pamutu, ndodo yoimika ciriri siikhala ndi cithunzithunzi. Koma tsiku lomwelo ku Alexandria ndodo inali naco cithunzithunzi cacifupi. Atayesa, anapeza kuti kuwala kwa dzuwa kunapanga ndi ndodoyo ngodya yopitirira pang'ono madigiri 7, ndilo gawo limodzi mwa magawo 50 a 360.

Eratosthenes anadziwa kuti dziko lapansi ndi lobulungira, ndi kuti kusiyanaku kucitika cifukwa ca kupindika kwace. Anadziwanso kuti ngodya siisintha ngakhale miyendo yace italike motani. Cotero anazindikira kuti mtunda wa pakati pa mizinda iwiriyo ulinso gawo limodzi mwa magawo 50 a ulendo wozungulira dziko lonse. Mtundawo pa miyeso ya lero ndi makilomita pafupi-fupi 800, ndipo 800 kucurukitsa ndi 50 ndi 40,000. Oyesa dziko a masiku ano apeza kuti ulendo wozungulira dziko lapansi ulidi pafupi ndi makilomita 40,000.

Mwana amene aphunzira kuyesa ngodya mosamala pa pepala adzakhoza kuimika nyumba yoongoka, kukhoma tebulo losagwedera, ndi kulemba malire a munda osayambitsa mlandu ndi anansi.

Mafunso

1. Kodi ngodya n'ciani? Chulani malo atatu m'kalasi mwanu pamene pali ngodya yolungama.
2. Mivi ya wochi ipanga madigiri angati pa 2 koloko ndi pa 4 koloko? Ndi iti yosongoka, ndi iti yoyasama?
3. Triangle ina iri ndi ngodya za madigiri 90 ndi 35. Pezani yacitatu.
4. Mmisiri wayesa mamita 3 ndi mamita 4, napeza mamita 5 ndi theka pakati pace. Kodi ngodya yace yalakwa motani?

Nchito

Turukani panja ndi zikhomo zitatu, cingwe ndi rula. Lembani pansi ngodya yolungama mwa njira ya 3, 4 ndi 5, ndipo muiyese ndi sikweya yanu ya pepala.