Dokotala wa pa kompyuta: mafunso ochokera ku Chezi, Ntchisi ndi Mvera

Pali madokotala ena amene ntchito yawo yaikulu ndi kukonza njira zosungira ndi kutumiza mbiri ya odwala pa kompyuta ndi pa foni. Makalata atatu amene talandira akufunsa za ntchito imeneyi.

Funso loyamba lachokera kwa mtsikana wa Fomu 4 wa ku Chezi: kodi dokotala wotere amachita chiyani chimene katswiri wa makompyuta sangathe?

Yankho limaoneka bwino pa kiliniki ya ma ARV. Wodwala akafika amapereka buku lake la kuchipatala, lomwe lili ndi sitika ya timizere takuda. Kalaliki akaunika sitikayo, mbiri ya munthuyo imatuluka pa sikirini yodina ndi chala. Namwino amalowetsa kulemera kwake ndi mapiritsi amene atsala m'botolo. Makina amawerengetsa ngati mankhwala akumwedwa bwino, amapereka tsiku lodzabweranso, n'kusindikiza sitika ina yomata m'buku. Wolemba pulogalamu ndiye amapanga mabatani onsewo. Koma funso liti liyambe, zizindikiro ziti zichititse kuti munthu ayezedwe TB, mwana wa makilogalamu angati alandire mlingo uti, zimenezo amagamula ndi munthu wodziwa mankhwala. Mu 2019, pamene odwala ambiri ankachotsedwa pa ma ARV otchedwa 5A kupita pa otchedwa 13A, okhala ndi dolutegravir, makina a m'makiliniki anayenera kusinthidwa kuti agwirizane ndi malangizo atsopano a Unduna wa Zaumoyo. Dokotala akalakwitsa m'wodi amavulaza wodwala mmodzi. Cholakwika chikalowa m'pulogalamu chimabwerezedwa m'zipatala zonse zimene zili ndi makinawo, n'chifukwa chake kuyesa pulogalamu isanatumizidwe kumadya nthawi yambiri ya dokotala wotere.

Ntchitoyi si yachilendo ku Malawi. Masikirini odina ndi chala anayamba mu 2001 pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, motsogozedwa ndi Gerry Douglas, ndipo m'menemo ndi m'mene munatuluka bungwe la Baobab Health Trust. Mu 2006 makinawa anafika ku kiliniki ya ma ARV ya chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Malipoti a mwezi ndi mwezi, amene zipatala zing'onozing'ono zimatumiza ku boma la Dowa kapena la Ntchisi, amalowa mu DHIS2, pulogalamu yochokera ku yunivesite ya Oslo. Chipatala Cha Pa Foni, cha nambala 54747, chinayambira ku Balaka mu 2011.

Funso lachiwiri lachokera kwa bambo wina wa ku Ntchisi amene mwana wake amakonda makompyuta: kodi mwanayo adzere njira iti?

Njira yake imadzera m'wodi. Pamafunika MSCE yokhoza bwino masamu ndi maphunziro a sayansi, kenako digiri ya udokotala ku Kamuzu University of Health Sciences, yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2021 ataphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Digiriyo ndi ya zaka 5, osawerengera chaka chokonzekera. Akamaliza amagwira ntchito miyezi 18 moyang'aniridwa pa chipatala chachikulu, n'kulembetsa ku Medical Council of Malawi. Za makompyuta zimabwera pamwamba pa zimenezi: ena amachita digiri yachiwiri ya informatics ku University of Malawi ku Zomba, ena ya umoyo wa anthu, ena amaphunzirira pa ntchito pomwepo. Ku America ntchitoyi ili ndi mayeso akeake a ukatswiri, amene anayamba mu 2013. Kuno ma kilinikala ofesa ndi anamwino nawonso amaigwira, ndipo n'zomveka, popeza ndi iwo amene amaona mzere wa odwala tsiku ndi tsiku. Amene sanakhalepo pa mzere wotere amapanga fomu ya mafunso ambirimbiri, namwino n'kuisiya n'kubwerera ku kaundula wa pepala.

Funso lachitatu ndi la mlangizi wa zaumoyo wa ku Mvera: kodi ntchito zake zimapezeka kuti, nanga n'zokhalitsa?

Zimapezeka ku nthambi ya Digital Health ya Unduna wa Zaumoyo, ku mabungwe monga Lighthouse Trust, EGPAF ndi VillageReach, komanso m'malo a kafukufuku. Mipando yake ndi yochepa, ndipo yambiri imadalira ndalama za maiko akunja. Boma la America litayimitsa thandizo lake mu January 2025, ntchito zambiri zoyendera ndalamazo zinagwedezeka. Dokotala wanzeru amasunga chiphaso chake cha ku Medical Council, osasiyiratu kuona odwala.

Dera ngati la Chezi ndi limene limayesa luso la munthu. Kuseri kwa phiri netiweki imasowa, magetsi amathimathima, choncho makina ayenera kugwira ntchito ndi sola kapena mabatire, n'kusunga zolembedwa mpaka netiweki itabwera. Palinso nkhani ya chinsinsi. Pa chipatala cha kumudzi kalaliki amakhala mbale kapena mnansi wa wodwala, ndiye dokotala wokonza pulogalamu amagamulanso kuti kalaliki aone chiyani, namwino aone chiyani. Kuyambira 2024 nkhaniyi ili m'malamulo a dziko, kudzera mu Data Protection Act.