Moto ukazima, madzi aja amapita kuti?

Ku sekondale tinaloweza kuti moto umafuna zinthu zitatu: choyaka, mpweya wa okosijeni ndi kutentha. Tinakhoza nazo mayeso. Koma palibe anatifunsa kuti madzi ozimitsira moto amathera kuti. Ikapsa nyumba yaudzu, funsoli lilibe ntchito kwenikweni. Ikapsa nyumba yosungiramo mankhwala a mbewu, nkhani yonse yagona pomwepo.

Anthu a ku Durban, mzinda umene abale athu ambiri amagwirako ntchito, anaziona mu Julaye 2021. Pa zipolowe zimene zinabuka Jacob Zuma atatsekeredwa, anthu anayatsa nyumba yaikulu ya kampani ya UPL ku Cornubia. Munali mankhwala ophera tizilombo ndi udzu. Moto unafuka kupitirira sabata, ndipo okhala pafupi, monga a ku Blackburn, ankadandaula chifuwa, mutu ndi kuyabwa kwa maso. Utsi unatha, koma madzi ozimitsira moto anali atasakanikirana kale ndi mankhwalawo n'kulowa mumtsinje wa Ohlanga mpaka kunyanja. Nsomba ndi nkhanu zinafa, magombe anatsekedwa miyezi ingapo. Zoterezi zinachitikanso pafupi ndi Basel pa 1 Novembala 1986, itapsa nyumba ya kampani ya Sandoz: mtsinje wa Rhine unafiira, nsomba n'kufa mtunda wa makilomita mazanamazana.

Tsopano tikwere phiri la Zomba tiyang'ane kumunsi. Damu la Mulunguzi, gwero la madzi akumwa a mzindawu, lili pamwamba, choncho zoipa za m'tauni sizingakwere kukalipeza. Koma madzi a m'ngalande za m'tauni amatsikira mu Likangala, ndipo Likangala amathera m'nyanja ya Chilwa. Rhine uja anali ndi kotayira. Chilwa alibe mtsinje wotuluka. Madzi ake amachoka ndi dzuwa ndi mphepo, zina zonse zimatsala momwemo. M'njira monsemo muli amayi ochapa, madimba a ndiwo zamasamba ndi minda ya mpunga. Matemba a ku Chilwa amabwereranso mumsika wa Zomba womwewo. Kunena zoona, mayi wa ku Kachulu amene utsiwo sanauone n'komwe akhoza kuvutika nthawi yaitali kuposa mwini sitolo.

Tisaganize za nyumba zikuluzikulu zokha. Mvula ikayandikira, masitolo a zipangizo zaulimi amadzaza feteleza, mankhwala opopera mbewu ndi othira m'chimanga, nthawi zina m'chipinda chimodzi. Zinthuzi sizipsa mofanana. Feteleza wa CAN sayaka yekha, koma muli ammonium nitrate amene akatenthedwa amakolezera moto n'kutulutsa utsi wofiirira wowononga mapapo. Mapiritsi ofukizira chimanga, a aluminium phosphide, ndiye oopsa mwanjira ina: akakhudzana ndi madzi amatulutsa mpweya wakupha wa phosphine. Apa ndowa ya madzi, imene tonse timathamangira tikamva kuti kwabuka moto, ikhoza kupha wothandizayo.

Nanga tikapezeka pafupi tichite chiyani? Choyamba n'kusiya chizolowezi chathu chothamangira kukaonerera. Tione kumene utsi ukulowera, tichoke modutsa mphepo, osati kuthawira kumene ikupita, ndipo tikwere kumtunda chifukwa mipweya ina yolemera imakhazikika m'zigwa. Kansalu konyowa pamphuno kamatchinga mwaye, koma mpweya wapoizoni umadutsa. Ozimitsa moto a khonsolo akafika, chimene akufuna msanga ndi munthu wowauza zimene zili mkatimo. Ngati n'kotheka popanda kulowa mu utsi, ngalande itsekedwe ndi dothi kapena mchenga kuti madziwo asafike kumtsinje. Moto ukazima, tisatole matumba otsala ngakhale akuoneka abwinobwino, ndipo nsomba zopezeka zitafa zokha si ndiwo.

Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tidzapatsidwa makiyi a labotale ndi a sitolo ya munda wa sukulu, mwina chaka choyamba chomwe. M'zipindazi mumakhala asidi, spiriti, feteleza ndi mabotolo akale ofufutika zilembo. Tsiku lolandira makiyiwo tidzalembe zonse zili mkatimo, tilekanitse zoyaka ndi feteleza, tione kumene ngalande ya pakhomo imalowera. Pepalalo lidzakhale ku ofesi ya ahedi, osati m'chipinda chomwe chingapsecho.