Makalata a Omvera: Matayala Olira Ngati Chigayo

Zikomo bambo a ku Makwasa chifukwa cha kalata yanu. Mwati matayala a Corolla yanu amalira ngati chigayo mukamadutsa pa Bvumbwe, mpaka ana kudandaula. Bambo, musasirire matayala a mano akuluakulu a mapikapu a m'maesiteti. Pa tala amalira ndi omwewo. Gulani saizi yolembedwa pachitseko cha dalaivala, mwachitsanzo 195/65 R15. Nambala 65 ikatsika, mwala uliwonse wa m'misewu ya m'minda ya tiyi muziumva m'msana. Mukafuna akaunjika ku Limbe, onani manambala anayi m'mbali mwa tayala, osonyeza nthawi imene linapangidwa: 2318 ndiye sabata ya 23, chaka cha 2018. Lakalamba limenelo, ngakhale mano akuoneka, ndipo matope ofiira a ku Thyolo saona nkhope. Mpweyanso musapope mopitirira, tayala limagunda.